Ngongole itandipanikiza ku Indiana: ulendo wanga wa Chapter 7

Tsiku limene ndinapeza malipiro anga atadulidwa ndi khoti ndi limene ndinasiya kubisala. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku South Bend, m'boma la Indiana ku America, ndipo ngongole yanga inayambira kuchipatala nditachitidwa opaleshoni ndilibe inshulansi yokwanira. Miyezi imene ndinali gone ndinkadya ndi makadi a ngongole. Mmodzi mwa ondikongozawo anandisumira, ine osapita kukhoti chifukwa cha manyazi, mlandu n'kugamulidwa ine kulibe. Malamulo a dziko lino amalola kudula mpaka 25 peresenti ya malipiro otsala akachotsa misonkho, ndipo anadula yonseyo.

Poyamba ndinathamangira kukampani ina yolengeza pa wailesi kuti imakambirana ndi okongoza. Inandidyera ndalama miyezi itatu, makalata akubwerabe. Mayi wina wa kutchalitchi ndiye anandiuza kuti, "Achemwali, pitani kwa loya weniweni." Amene amapeza zochepa angayambe ndi Indiana Legal Services, komwe thandizo ndi laulere. Ine malipiro anga anapitirira pang'ono malire awo, choncho ndinapita kwa loya wa bankruptcy (njira yopempha khoti kuti likuthandize pa ngongole zimene walephera kubweza) amene ulendo woyamba salipiritsa. Muchenjere ndi anthu ongolemba mafomu: malamulo sawalola kukulangizani.

Loyayo anayamba ndi kundichotsa mantha. Bankruptcy si mlandu wa upandu, ndipo sikuti ndi ya nzika zokha. Wokhala m'dziko muno akhoza kulembetsa. Anati lamulolo ndi limodzi dziko lonse, koma mmene anthu amalithamangirira zimasiyana malinga ndi boma (state) limene munthu akukhala. Ku Alabama, Tennessee, Mississippi ndi Georgia anthu amalembetsa kwambiri, pamene ku Alaska ndi Vermont ndi ochepa. Si kuti a kummwerawo ndi osasamala ayi. Kumene okongoza amadula malipiro mosavuta, munthu sachitira mwina. Ku Texas, Pennsylvania ndi ku North ndi South Carolina ngongole wamba sadulira malipiro, ndiye anthu amapirira nayo. Katundu amene amakusiyira amasiyananso: ku Texas ndi Florida nyumba yokhalamo imatetezedwa kwambiri, pamene Indiana ili ndi malire akeake, ndipo ndalama za kubanki imateteza zochepa zedi.

Njira zinalipo ziwiri. Chapter 7 imafafaniza ngongole m'miyezi pafupifupi inayi, koma katundu wosatetezedwa akhoza kugulitsidwa. Chapter 13 ndi yobweza pang'onopang'ono kwa zaka zitatu mpaka zisanu, ndipo imathandiza amene akufuna kupulumutsa nyumba kapena galimoto. Chiyambire lamulo la 2005, amayamba awerenga zimene wapeza m'miyezi isanu ndi umodzi yapitayo n'kuyerekeza ndi zimene banja la kukula ngati lako limapeza m'boma lakolo. Ine ndinagwera pansi pa mzerewo, choncho Chapter 7 inatheka.

Kenako linabwera funso limene sindinaliyembekezere. "Muli ndi kanthu kunja kwa America? Mwatumiza ndalama kwa achibale?" Mtima unagunda. Ndili ndi kapuloti ku Lunzu, ndimatumiza ndalama kwa amayi mwezi uliwonse, ndipo alamu anga anandibwereka madola 1,500 ndikudwala. Maganizo anga anali akuti ndiwabwezere alamuwo kaye mwakachetechete, za pulotiyo ndisatchule, popeza ndani angakaione ku Lunzu? Loya anandiletsa mwamphamvu. Mafomu amasainidwa molumbira, ndipo kubisa katundu, ngakhale ali kutali chotani, ndi mlandu umene ungakulepheretse kukhululukidwa ngongole yonse. Ndalama zobwezera wachibale m'chaka chimodzi usanalembetse, trustee, yemwe ndi woyang'anira nkhani yako, akhoza kukazilanda kwa wachibaleyo. Mphatso zopitirira madola 600 kwa munthu mmodzi m'zaka ziwiri zimalembedwanso. Apa ndi pamene ife Amalawi tingagwe mosavuta, chifukwa kwathu kuthandiza mbale si nkhani yolemba papepala, ndipo ambiri tili m'chipereganyu chimene sitichiwerenga ngati ngongole.

Tinalemba zonse. Pulotiyo tinaiyerekeza mtengo m'madola, ndipo inakwana m'malire a katundu amene Indiana imateteza. Chovuta chinali kuwaimbira alamu. Ndinati, "Alamu, mulandira kalata ya kukhoti yonena kuti ndili nanu ngongole. Musadabwe, sindikukuthawani." Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Chachikulu muchire, mlamu, zinazo tidzakambirana." Loya anali atanditsimikizira kuti nkhani ikatha palibe chondiletsa kuwabwezera mwa kufuna kwanga.

Ndisanalembetse ndinachita kalasi ya uphungu wa ngongole pa intaneti, yomwe iyenera kuchitika m'masiku 180 usanapereke mafomu. Ndinasonkhanitsa mapepala a malipiro, a msonkho ndi a kubanki. Khoti limalipiritsa madola 338 pa Chapter 7, ndipo limalola kupereka m'zigawo. Za loya ndinamaliza kulipira tisanalembetse. Tsiku lomwe mafomu analowa, lamulo lotchedwa automatic stay linayamba kugwira ntchito: mafoni analeka, kudula malipiro kunaima. Usiku umenewo ndinagona mpaka kucha, koyamba m'chaka chathunthu.

Patatha mwezi ndi masiku kunali msonkhano umene amautcha 341, pa Zoom. Kunalibe jaji. Trustee anaona chiphaso changa ndi khadi la Social Security, n'kundilumbiritsa. Anafunsa za puloti ya ku Lunzu, kuti ndinagula liti ndi ndalama zingati, ndipo ndinaonetsa kalata ya mgwirizano wogulira. Okongoza sanabwere ndi mmodzi yemwe. Sizinakwane mphindi khumi.

Ndinachita kalasi yachiwiri ya kasamalidwe ka ndalama. Imeneyi musaiphonye, chifukwa popanda satifiketi yake nkhani imatsekedwa ngongole ikadalipo. Patapita masiku 60 ndi ochepa kuchokera pa msonkhanowo, kalata yokhululukira ngongole inafika. Za kuchipatala ndi za makadi zinatha. Kangongole ka sukulu kanatsala, monganso zimatsalira ndalama zothandizira ana ndi misonkho ya posachedwa. Mbiri yanga ya ngongole ikhala ndi chizindikiro cha bankruptcy zaka khumi, ndipo nditafuna kusamuka eni nyumba ena anandikana.

Alamu ndikuwabwezera madola 100 pamwezi. Kwatsala miyezi isanu ndi umodzi.