Ngongole zinapsa ndi nyemba

Chikhwimitsireni lamulo la nkhalango mu 2020, anyamata a makala kuno ku Ndirande amatchula mtengo ngati m'thumbamo muli nyama. Phiri lathu nalo linameta mpala kalekale. Ndiye ine, munthu wanzeru zanga, ndinati basi, pakhomo pano tiziphikira mabuliketi.

Kapangidwe kake n'kosavuta. Umanyika mapepala akale m'madzi mpaka afewe, n'kuwasinja mumtondo, kusakaniza ndi utuchi wa kwa akalipentala ndi fumbi la makala, kenaka kaphala ka chinangwa kuti zigwirane. Ukatero umafinyira m'chitini chobowola n'kuyanika padzuwa. Akauma bwino amayaka ndithu. Achinyezi okha ndiwo amafuka utsi woti aneba amabwera ndi zidebe za madzi.

Chinandivuta ndi mapepala. Nyuzi zinatha, makope akale a ana anatha. Posakasaka ndinapeza chikope china pansi pa matiresi, chakuda bii, m'mbali mbewa zitalawako. Ndinachikhadzula osawerenga ndi tsamba limodzi lomwe, ulendo wa mumtondo.

Lamulungu masana, amayi a banki m'khonde anadzaza pakhomo. Mlembi wa gululi ndi akazi anga. Analowa kuchipinda, ndinangomva matiresi akutembenuzidwa.

"Bambo a ana, kope la masheya ndi ngongole lija mwaliona?"

Nyemba zinali zikubwata pambaula. Ndinangoloza motowo ndi mlomo.

Amayi inu! Gulu lonse linathamangira kuseri komwe ndinayanika otsala, n'kuyamba kuswa buliketi limodzilimodzi. Apampando, magalasi ali pamphuno, anatola kachidutswa kolembedwa "20,0" basi. Dzina la mwini ngongoleyo linali litaphika kale nyemba.

Apa m'pamene ndinaona zodabwitsa. Aliyense ankakumbukira masheya ake mpaka tambala yomaliza, tsiku lomwe anaponya ndi chitenje chomwe anavala. Koma atafunsidwa za ngongole, onse mutu unayamba kuwawa nthawi imodzi.

Anandigamula chindapusa ngakhale sindine membala, ndipo usiku umenewo ndinagona pamkeka, nyembazo osalawa.

Koma pali mayi wina m'gululi amene kale sankandiyankha ndi moni womwe. Masiku ano akandiona amagwada. Dzana anabwera ndi nthochi, n'kundinong'oneza kuti wagolosale wapakona paja nayenso ali ndi kope lakale kwambiri, ngati mapepala akundiperewerabe.