Miyendo ija ndi yanga inde, koma imvani kaye

Popeza alamu anga aganiza zoti chithunzi chija chifike pa gulu lililonse la WhatsApp lomwe alimo, mpaka la kwaya, ndati bola ndiyankhule ndekha asanathirepo ndemanga zina. Inde, miyendo ikulendewera kusiling'iyo ndi yanga. Sokosi yobooka pachala chachikuluyo ndi yanganso. Koma zoti ndinalira ndi bodza, linali fumbi lija.

Tinapita kukaona nyumba ina yomwe timafuna kugula. Nyumbayo ndi yakalekale, kanyumba ka zipinda zogona ziwiri, koma puloti yake aise, mutha kumangapo nyumba zina zitatu nkutsalabe poti ana azimenyapo mpira. Tisanatsike nkomwe mgalimoto ndinawauza madamu kuti apa tikugula malo, kanyumbaka ndi banyira chabe. Komabe banyira naye amafunika kumuona, ndiye ine ndinali nditakonzeka, masabata awiri athunthu ndikuonera akatswiri pa YouTube mpaka madamu kuyamba kundifunsa ngati ndasintha ntchito. Ndinatenga tochi, tepi yoyezera, sukuludiraiva ndi kabotolo kopanda kanthu.

Ndipo ndisaname, poyamba ndinaonetsa luso. Ejenti anali busy ndi nyimbo yawo ija yoti "bwana nyumba zakale ndi zolimba, simenti ya nthawi imeneyo siyofanana ndi ya lero", ine phee, ndikungoyang'ana makoma. Ting'alu tating'ono ngati tsitsi ta pa pulasitala sindinalimbane nato, nyumba iliyonse imakhala nato. Koma kuseri kunali mng'alu wina wochokera pakona ya windo, wotsetsereka chopingasa kutsata mizere ya njerwa ngati masitepe, nditayeza unapitirira mamilimita 5, ndipo umenewo ndi uja umakuuza kuti maziko akusuntha. Pafupi pomwepo pali chimtengo chachikulu choti mizu yake yalowa pansi pa khonde nkulitukula. Mkati penti inali itafufuma mmunsi mwa khoma pafupifupi mita imodzi kuchoka pansi, ndi timchere toyera tija, kusonyeza kuti chinyezi chikukwera kuchokera mu nthaka. Ejenti akuti ndi ana amakanda. Ana ake ati, mnyumba mokhala agogo okhaokha?

Kabotolo kaja ndinakagoneka pansi pabalaza, kanagubuduzika kokha mpaka kukagunda chitseko cha kukhitchini, kusonyeza kuti pansi mpopendekeka. Madamu anandiyang'ana mwaulemu koyamba chaka chino.

Kunjanso ndinagwira ntchito. Mabikoni osonyeza malire a puloti ndinapeza atatu, yachinayi ejenti anangoloza ndi mlomo kuti "chapo apo", chapo apo pake pali khola la aneba. Ndinawauza kuti popanda saveya kudzayeza nkufananiza ndi mapepala a malowo, ine siginecha yanga sichoka mthumba. Sepitiki thanki ndinaipeza itabisala mmaudzu chivundikiro chitasweka, ndipo ndinaizungulira bwinobwino OSAGWERAMO. Izi alamu sanajambule. Zabwino za munthu sajambula.

Tsono chinandipweteketsa ndi chibanga chofiirira pa siling'i ya pabalaza. Ejenti akuti inadontha kalekale anakonza. Ine ndinati nyumba imabisa matenda ake kudenga, ndipatseni makwerero. Agogo eni nyumba, omwe nthawi yonseyi anali khale pampando wawo osayankhula, anangoti, "Mwanangu, kumeneko sikupita munthu." Ine nkumva ngati akubisa kanthu.

Apa ndipofunika mumvetsetse, chifukwa ena mukuyankhula ngati ndine chitsiru chongoponda paliponse. Lamulo la mu siling'i ndimalidziwa: suponda pa bolodi, bolodi ija ndi yopyapyala, ntchito yake nkubisa denga basi. Umaponda pa mitanda ya matabwa. Ndipo ndinaponda pa mtanda. Woyamba ndinaugogoda ndi sukuludiraiva, unalira bwino, ndinaponda. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu chimodzimodzi. Wachinayi ndikuti ndiwerame ndigogode, mleme unandidutsa pamphuno penipeni, ndiye phazi linapita lokha osadikira lipoti.

Chiswe abale. Chiswe chimadya thabwa mkati nkusiya khungu lakunja lili bwinobwino ngati lachokera kushopu dzulo. Mtanda umene uja unali chikwama chabe cha dothi. Sunachite kuthyoka ngati thabwa, unangoti fwaa ngati wausa moyo, ine psuu, mpaka mchiuno.

Ndinatsakamira pamenepo. Mikono yatambasuka uku ndi uku pa mitanda iwiri yotsala, chifuwa ndi mutu zili kudenga, kuyambira mchiuno kutsika ndili pabalaza pa eni ake. Munthu mmodzi zipinda ziwiri. Ndipo chimene sindidzaiwala ndi bata lomwe linatsatira. Palibe anakuwa. Ndinangomva fumbi likuwayawaya pansi, kenako nsapato yanga yakumanzere inavuka pang'onopang'ono, ndikuimva ikutsetsereka pachidendene, ndikuyesa kuikola ndi zala koma ayi ndithu, inakagwa pa tebulo kuti phwa. Kenako bata linanso.

Kumtundaku kunali kotentha ngati mu uvuni koma miyendo ikumva kamphepo kayaziyazi, moti thupi linasokonezeka osadziwa kuti lituluke thukuta kapena linjenjemere. Tochi inali itagubuduzika nkukaima poti ikuwalitsa bwinobwino zonse zomwe ndinakwerera. Ndiye poti ndinalibe kopita, ndinapitiriza ntchito. Mawaya amagetsi akalekale, chikopa chake chouma chikuyoyoka, ena olumikizidwa ndi tepi yokha popanda kabokosi, atagona pa matabwa ouma. Tinjira ta dothi ta chiswe tikukwera phaso lililonse. Malata obooka mmabowo a misomali moti dzuwa limalowa timadontho timadontho ngati nyenyezi, kukongola kwake mpaka ndinaiwala pang'ono kuti theka langa lili kwina. Ndipo patsogolo panga, mwina masentimita 30 kuchoka pamphuno, mleme uja uli lende chadodolido, kundiyang'ana. Iwo walendewera, ine ndalendewera. Tinayang'anana nthawi yaitali ngati anthu oti anakumanapo kwinakwake koma aiwalana maina.

Woyamba kuyankhula anali agogo, ndipo madamu akuti amayankhula moyang'ana mawondo anga. "Mwapeza chani kumeneko bambo?"

Ine poti ulemu sutha, ndinayankha kuti, "Chiswe, agogo."

"Eya. Chilipo."

Basi. Eya chilipo. Ngati ndafunsa za mwana wawo wa kutauni.

Madamu anafunsa kuti "abambo mwavulala?" koma mawu ake anali onjenjemera mwa mtundu wina, ndakhala nawo zaka 11 ndimadziwa kusiyanitsa kulira ndi kuseka kobisa. Koma amene anandimaliza ndi ejenti. Munthu uja sanataye mtima ngakhale pang'ono. Ndinamumva akuyandikira, nkugogoda siling'i pambali panga, amvekere, "Koma bwana mwaona mmene mitanda inayo yakugwirirani? Munthu wathupi ngati inu. Matabwa akale amenewo."

Kenako panabuka mtsutso woti andikankhire mmwamba kapena andikokere pansi, ndipo anakambirana modekha ngati komiti, wina kupereka maganizo wina kutsutsa, ine ndili lende mikono ikuchita dzanzi. Alamu, omwe tinawatenga kuti akatithandize maso, nthawi imeneyi nkuti akusaka engo yabwino. Pawindo panali patadzaza ana a aneba, ndinawamva akuitana anzawo. Ndinayesa kupereka nawo maganizo koma mawu anga amamveka kudenga kokha, kwa mleme.

Anagwirizana zokoka. Ejenti mwendo uwu, alamu mwendo uwo, kuwerenga mpaka katatu. Chomwe sitinadziwe nchoti msomali wina unali utakola lamba wa thalauza kumbuyo. Ndiye ine ndinatsika, inde, koma thalauza inaganiza zotsalira pang'ono. Sindifotokoza zambiri. Ndingoti agogo anatembenukira kukhoma nkuyamba kuyimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi, ndipo chithunzi chachiwiri chomwe alamu akuopseza kuti atulutsa, akatulutsa ine ndiulula za ngongole ija.

Pano ena mukuti bwanji sunangoitana katswiri woyendera nyumba. Chabwino, ndamva, ulendo wina ndidzatero. Koma tandiuzani, katswiriyo akanapeza chani choposa chomwe ndinapeza ine? Iye akanalemba papepala kuti mwina muli chiswe. Ine ndinabweretsa umboni pabalaza, wina uli mmakutu mpaka lero. Denga lonse lija ndi lofunika kusasula, mawaya onse kuchotsa, ndipo tikanagula osakwera, bwenzi tsiku lina siling'i itatigwera tili mtulo. Ndinapulumutsa banja, kungoti ndinalipulumutsa ndilibe thalauza.

Nditadzikonza ndinayesa kunenerera kuti mtengo utsike poti taona tokha kuti nyumbayi yatha. Ejenti anati akafunsa, koma kaye tikambe za bowo lomwe ndaboola, poti mawa kukubwera ena kudzaona. Agogo anakana zoti ndilipire, akuti bowolo lawathandiza, pabalaza pakulowa kuwala. Potsanzikana anandigwira dzanja nthawi yaitali nkunena kuti malemu amuna awo nawonso anatulukira pomwepo, kungoti iwo anagwera pa sofa.

Pulotiyo ndikuifunabe, nisaname. Madamu akuti tidikire kaye saveya ndi nkhani ya bikoni yachinayi ija, komanso kuti anthu aiwale. Tochi yanga inatsala konko, ndipo ndinaisiya yoyaka.