Nsima ya mgaiwa ku South Bend

Ndinayamba kusamalira ana m'nyumba mwanga muno mu South Bend, ku Indiana, mu 2016. Anali ana 4 okha, atatu mwa iwo a amayi anzanga ochokera kumudzi omwe amagwira ntchito yosamalira okalamba. Lero alipo 12, ndipo mng'ono wanga amandithandiza.

Chaka choyamba phindu lonse linkathera m'mphika. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu ndiye anandiuza za CACFP, ndondomeko ya boma la America yobwezera ndalama za chakudya kwa osamalira ana ndi akuluakulu. Inayamba mu 1968 ndi ana okha, malo osamalirako akuluakulu masana n'kudzalowa mu 1987. Ife osamalira ana m'nyumba timalembetsa kudzera ku bungwe lotiyang'anira. Limabwera katatu pachaka, kawiri mosatichenjeza, kudzaona zomwe zili m'mbale za ana komanso kaundula wa amene adya.

Pa 1 October 2017 malamulo a kadyedwe anasintha, kutsatira lamulo lomwe Barack Obama anasainira mu 2010. Juwisi kamodzi patsiku basi, kukazinga chakudya chomira m'mafuta ayi, ndipo tsiku lililonse pakhale chakudya chimodzi cha mbewu zosakonola. Anzanga ambiri anadandaula, koma ine mtima unagwa pansi. Chimanga chosakonola si mgaiwa kodi? Ndinaonetsa mayi wa ku bungwe uja thumba la ufa, anawerenga zolembedwapo n'kuvomera. Kuchokera pamenepo Lachitatu lililonse timadya nsima ya mgaiwa ndi nyemba ndi masamba otendera. Ana a azungu ndiwo amayamba kupempha ntanda wachiwiri.

Chondiwawa ndi ndalama yake. Lamulo la 1996 linagawa nyumba ngati yanga m'magulu awiri. Za m'madera a anthu ovutika zimalandira zambiri. Zina, kuphatikizapo yanga, zimalandira zochepa kwambiri, ngati kuti mkaka timagula kusitolo ina. Mu June 2022 aphungu a ku Congress anavomereza Keep Kids Fed Act, yomwe inatiika tonse pa mlingo wapamwamba n'kuwonjezera masenti 10 pa chakudya chilichonse. Masenti 10 amamveka ngati kanthu kochepa, koma chulukitsani ndi ana 12, katatu patsiku, chaka chathunthu. Chaka chimenecho ndinkagula zipatso zosaikidwa m'zitini, ndipo sindinakweze fizi. Pa 30 June 2023 zonse zinatha, mitengo ya zakudya ili m'mwamba.

Palinso china. CACFP imalipira zakudya ziwiri zikuluzikulu ndi kachakudya kamodzi kotolatola pa mwana aliyense patsiku. Nanga mwana amene mayi ake amalowa 7 koloko m'mawa n'kuweruka 7 koloko madzulo? Ndili nawo atatu otere. Sindingawasiye akuyang'ana ana anga akudya mgonero. Ndimawapakulira, ndalama yake n'kuchokera m'thumba mwanga. Phungu Suzanne Bonamici wa ku Oregon wakhala akubweretsa bilu yoti ana okhala tsiku lonse azilipiriridwa chakudya china chowonjezera. Ndalembera kale phungu wa dera lathu kawiri kumupempha kuti aichirikize, ndipo m'kalata yachiwiri ndinaikamo malisiti a mwezi wonse. Amayi a ana atatu aja anasainanso pansi pake, wina ali chiimire pakhomo, atavala yunifolomu, mwana atagona paphewa.