Ulendo wa makochi a mpira wamanja ku Braamfontein

Loweruka lija tinanyamuka ku Rosettenville kupita ku Braamfontein, mu Joni (Johannesburg) momwemo, kukaphunzira kuzindikira mavuto a kadyedwe mwa atsikana athu osewera, tili 11, mochedwa, chifukwa a msungichuma anabwerera kukatenga sikelo. Titafika tinaiika pa kapeti, pamaso pa gulu lonse. Otilandira anatiletsa pomwepo: pa kapeti sikelo imanama, imafuna simenti yosalala, m'chipinda chotseka, ndipo mtsikana asamakakamizidwe kuona nambala yake.

Mafomu a mafunso ofufuzira mavutowa tinaphunzira atatu. SCOFF ili ndi mafunso 5, ndipo "inde" awiri akukwana kuti mwana akaonedwe kuchipatala. EAT-26 ili ndi mafunso 26: "nthawi zonse" mapointi 3, "nthawi zambiri" 2, "kawirikawiri" 1, mayankho enawo 0. Funso la 26 limawerengedwa chobwerera, ndipo apa ndi pamene a kochi aakulu anagwa masamu, ngakhale mpaka lero akukana. Mwana akafika mapointi 20 timamutumiza kwa adokotala, chifukwa fomu siitchula matenda. LEAF-Q ndi ya atsikana amasewera, imafunsa za kuvulala, m'mimba ndi msambo, ndipo mapointi akafika 8 ndi chenjezo. Msambo ukasowa miyezi itatu tisamati ndi kulimba kwa thupi.

Chotigwira mtima chinali funso la mu EAT-26 lofunsa ngati munthu amangoganiza za chakudya. Mwana wogona ndi njala adzayankha "nthawi zonse", mapointi n'kukwera. Choncho tiziyamba tafunsa ngati kunyumba kuli ufa.

Tsono nkhomaliro! Anatipatsa pap, chakudya cha ufa wa chimanga cha kuno, ndi ndiwo zamasamba zotchedwa chakalaka, mkangano n'kubuka ngati papyo ingatchedwe nsima. Abambo ena a m'gulu lathu anati n'phala lonyada, koma mbale ziwiri zinatha. Tili mkati modya, amayi wapampando anagwira tsaya la mtsikana wathu womwetsa zigoli: "Wanenepatu mwanawe, Joni yakukonda!" Mwana anaika supuni pansi. Kwathu amenewo ndi mawu oyamika, woonda ndiye amanong'onedwa kuti akudwala, koma ana okulira kuno amawamva mwina. Masana pa zithunzi 9 za matupi zomwe anationetsa, zoyambira woonda kufika wonenepa, amayi analoza chakumtunda kuti ndiye thupi labwino, atsikana akuloza chakumunsi.

Zikomo adalaivala potidikira, alembi posindikiza mafomu ndi ndalama zam'thumba, ndi inu amayi wapampando popepesa mwana uja m'takisi. A msungichuma, sikelo ili kwa alembi, mukatenge.