Tikiti imodzi ya mapiri ambiri: zimene ndinalangiza banja lathu

Makolo ena a kuno ku Lusaka amene ali ndi ana ku America ayamba kumva mayina awiri amene kale sankawadziwa, Epic ndi Ikon, ndipo kawirikawiri amawamva pa foni m'mwezi wa Marichi kapena Epulo, mwana akupempha thandizo la ndalama. Mayinawa ndi a matikiti a nyengo yonse, amene amalola munthu kukwera mapiri ambiri osiyanasiyana n'kumatsetsereka pa chipale chofewa ndi ski (matabwa awiri aatali omangidwa kumapazi) kapena snowboard (thabwa limodzi loimapo mapazi onse awiri), osagulanso tikiti tsiku ndi tsiku. Ine masewerawa ndinawaphunzira ndili pa sukulu ku Salt Lake City, ndipo ngakhale kuti tsopano ndimakhala ku Chelstone, kutali kwambiri ndi mapiri a Utah, nkhaniyi ndimaitsatirabe mwachidwi. N'chifukwa chake mu Marichi 2025 achemwali anga anandiitana kuti ndiwathandize maganizo, mwana wawo amene akuphunzira ku Denver atawauza kuti tikitiyo iyenera kugulidwa msanga mtengo usanakwere.

Funso lawo loyamba linali lomveka kwambiri. Anati, "Achimwene, kodi munthu amalipira bwanji mu Marichi chinthu chimene adzayambe kuchigwiritsa ntchito mu Novembala?" Yankho lake lili m'mbiri ya matikitiwa. Kampani ya Vail Resorts inayambitsa Epic Pass mu 2008 pa mtengo wa madola 579, umene unali wotsika kwambiri poyerekeza ndi matikiti a nyengo yonse a nthawi imeneyo, ndipo cholinga chake chinali chakuti ndalama zilowe chipale chisanagwe. Kale chaka chikakhala chouma anthu sankabwera, ndipo eni mapiri ndiwo ankaluza, koma tsopano wogula ndiye amasenza chiopsezocho, monga mlimi amene amagula feteleza mu Okutobala asanadziwe ngati mvula idzagwe bwino. Pofuna kukankhira anthu ku tikiti yolipiriratu, makampaniwa anakweza kwambiri tikiti ya tsiku limodzi, moti pa masiku a tchuthi ku Vail munthu wogulira pawindo amalipira madola oposa 250. Mu 2018 kampani ina, Alterra Mountain Company, inatulutsa Ikon Pass, ndipo kuyambira pamenepo mapiri akuluakulu ambiri a ku North America anagawikana m'magulu awiriwa. Pa nyengo ya 2025 mpaka 2026, Epic Pass yathunthu inayamba kugulitsidwa pa madola 1,051 ndipo Ikon Pass yathunthu pa madola 1,329. Mitengoyi imakwera pang'onopang'ono miyezi ikamapita, ndipo kumayambiriro kwa Disembala malonda amatsekedwa.

Chimene chimakopa achinyamata, ndipo chinakopanso mwana wa achemwali anga, ndi mndandanda wautali wa mayina. Epic ili ndi Vail, Beaver Creek, Breckenridge ndi Keystone ku Colorado, Park City ku Utah, Whistler Blackcomb ku Canada, imene Vail Resorts inagula mu 2016, ndiponso Andermatt ndi Crans-Montana ku Switzerland. Ikon ili ndi Steamboat, Winter Park, Copper Mountain, Mammoth, Jackson Hole, Aspen Snowmass, Zermatt, Chamonix ndi Niseko ku Japan. Mnyamatayo anandiwerengera mayinawa pa foni mwachimwemwe, ndipo ndinamumvetsa, chifukwa mapiriwa ndi okongoladi. Koma maganizo anga, amene ndawagwiritsitsa kwa zaka zambiri, ndi akuti kuchuluka kwa mayina sikuyenera kukhala poyambira. Poyambira ndi phiri limene munthu angafikeko Loweruka wamba, atadzukira m'chipinda chimene amagonamo, ndi galimoto kapena basi imene ilipodi, pamodzi ndi anzake amene alipodi. Wophunzira wa ku Denver amene amadalira ndalama zochokera ku Lusaka sadzapita ku Niseko kapena ku Zermatt nyengo imeneyo, ndipo kulipira mayinawo n'kulipira chinthu chimene sadzachiona.

Ndinamufunsa kuti, "Kodi anzako amene ali ndi galimoto agula iti?" Iye anayankha kuti, "Amalume, ambiri atenga Ikon, chifukwa amapita ku Winter Park ndi ku Copper." Kwa ine nkhani inali itatsala pang'ono kutha pomwepo. Aliyense amene anakhalako ku Denver amaudziwa msewu wa I-70, umene umadzaza ndi magalimoto Loweruka m'mawa kusanache, anthu atanyamula khofi m'manja ndi zipangizo padenga la galimoto, ndipo wochedwa kunyamuka amathera maola ambiri pamzere. Wopanda galimoto amapita kumene woyendetsa akupita, ndipo ngati tikiti yake ndi ya kampani ina, amatsala m'munsi mwa phiri anzake akukwera. Winter Park ilinso ndi mwayi wina, chifukwa m'nyengo yachisanu kumapita sitima ya Amtrak yochokera pa Union Station pakati pa Denver, imene imatsitsa anthu pafupi penipeni ndi malo okwerera. Akanakhala kuti anzakewo amapita ku Breckenridge kapena ku Keystone, kumene anthu amatsetserekanso usiku ndi magetsi, ndikanamuuza kuti agule Epic popanda kuzengereza, chifukwa pakati pa makampani awiriwa palibe amene ndimamuikira kumbuyo.

Pali chinthu china chimene ambiri amachiphonya, ndipo chimakhudza mwachindunji amene amakwera snowboard, monga mnyamata wathuyu. Mapiri atatu a ku America salola snowboard mpang'ono pomwe, ndiwo Alta ndi Deer Valley ku Utah komanso Mad River Glen ku Vermont. Awiri oyambawo ali pa Ikon, choncho wa snowboard amene akuwerenga mndandanda ayenera kuwachotsa pa masamu ake. Pamene ndinali ku Salt Lake City ndinkakwera basi yopita m'chigwa cha Little Cottonwood, ndipo ndinkaona a snowboard onse akutsikira pa Snowbird, ife a ski n'kupitirira mpaka ku Alta kumapeto kwa msewu. Chigwa choyandikana nacho, Big Cottonwood, chili ndi Brighton ndi Solitude, kumene onse amalandiridwa. Zinthu zotere zimalembedwa m'malamulo a phiri lililonse, koma sizioneka pa zithunzi zokongola zimene makampani amatsatsira malonda.

Chachiwiri chimene chimabisala m'zilembo zing'onozing'ono ndi kusiyana kwa mapiri amene munthu angakwere masiku onse ndi amene amapatsidwa masiku owerengeka. Pa Ikon yathunthu, mapiri ambiri a makampani ogwirizana nawo, monga Jackson Hole ndi Aspen Snowmass, amapereka masiku asanu ndi awiri okha pa nyengo yonse. Tikiti yotsikirapo mtengo, Ikon Base, imapereka masiku asanu pa mapiri ambiri otere, ndipo ena otchuka salimo n'komwe. Epic nayonso ili ndi Epic Local, imene imatsegula Breckenridge ndi Keystone masiku onse koma imapereka masiku khumi okha ophatikiza ku Vail, Beaver Creek ndi Whistler Blackcomb. Matikiti otsikirapowa amakhalanso ndi masiku oletsedwa pa mapiri ambiri, makamaka pakati pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, kumapeto kwa sabata ya tchuthi cha Martin Luther King mu Januwale, ndi ya Presidents' Day mu Febuluwale. Kwa wophunzira zimenezi sizipweteka kwenikweni, chifukwa amenewo ndiwo masiku a mizere itaitali, ndipo iye angathe kupita tsiku lina lililonse pamene alibe makalasi. Tinagwirizana kuti agule Ikon Base pa mtengo wa ophunzira, popeza makampani onse awiri amatsitsira mtengo ana a sukulu za ukachenjede amene aonetsa umboni.

Koma kwa ife ochokera kuno masamu ndi ena, ndipo apa ndi pamene ndinakhalitsa ndi achemwali anga, pepala ndi cholembera zili patebulo, foni ikusonyeza mtengo wa dola m'makwacha wa tsikulo. Iwo ankalingalira zokaona mwana wawo mu Disembala pamodzi ndi mwana wawo wamkazi, ndipo ankaganiza kuti kugula matikiti atatu nthawi imodzi kungakhale kwanzeru. Ndinawaletsa. Tchuthi chathu chachikulu chimagwera ndendende m'masiku oletsedwa aja, ndipo mlendo wa sabata ziwiri amene sanapondepo chipale sangakwere phiri masiku okwanira kubweza mtengo wa tikiti ya nyengo yonse. Masiku ake oyamba amathera m'munsi, pa malo osatsetsereka kwambiri, akuphunzira kuima, kutembenuka ndi kudzuka akagwa, miyendo ikuwawa chifukwa cha nsapato zolimba zomangidwa mpaka m'katumba. Munthu wotere amafunika mphunzitsi ndi zipangizo zobwereka, zimene tikiti ya nyengo yonse silipira, ndipo ngati akufunadi kulipiriratu, ilipo Epic Day Pass, ngakhale kuti ndi ya mapiri a Epic okha, imene munthu amasankha yekha chiwerengero cha masiku, kuyambira limodzi mpaka asanu ndi awiri. Eni matikiti a nyengo yonse amapatsidwanso matikiti angapo otsika mtengo a abale ndi anzawo, amene mnyamatayo akanatha kugwiritsira ntchito pa mayi ake ndi mlongo wake.

Chifukwa chachikulu koposa chinali viza. Matikitiwa kawirikawiri sabwezeredwa ndalama, kupatula pa zifukwa zolembedwa m'malamulo awo, monga kuvulala kapena kuchotsedwa ntchito, ndipo nthawi yogula motsika mtengo imafika miyezi yambiri munthu asanadziwe ngati adzaloledwe kulowa m'dzikolo. Patapita miyezi yochepa tikambirane, mu Ogasiti 2025, boma la America linalengeza kuti nzika za Zambia ndi Malawi zopempha viza ya alendo zingafunsidwe kupereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. Kwa banja la ku Lusaka, limene liyeneranso kulipira ndege yochokera pa Kenneth Kaunda International Airport kudzera ku Addis Ababa, Doha kapena Dubai, tikiti ya phiri ndi ndalama yaing'ono pa ulendo wonse, ndipo si yoyenera kuyamba kulipiridwa viza isanadindidwe mu pasipoti. Inshuwalansi ya chipatala ndiyo yoyenera kuikidwa patsogolo, chifukwa kuthyoka mwendo kapena dzanja n'kofala pa masewerawa, ndipo chipatala cha ku America n'chokwera mtengo kwambiri. Thupi nalonso limafuna kulipatsa nthawi. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300 kuchokera pa nyanja, koma tawuni ya Breckenridge ili pa mamita oposa 2,900 ndipo lifti yake yapamwamba, makina okweza anthu paphiri, imafika pa mamita oposa 3,900, kotero kuti mutu ndi kupuma movutikira zimagwira alendo ambiri tsiku loyamba.

Kupatula zimphona ziwirizi alipo matikiti ena amene amayenera anthu oyendayenda. Mountain Collective, imene inayamba mu 2012, imapereka masiku awiri pa phiri lililonse la m'gulu lake ndi theka la mtengo pa masiku owonjezera. Indy Pass, ya mu 2019, imaperekanso masiku awiri pa mapiri ang'onoang'ono amene si a makampani akuluakulu, ndipo mtima wanga umakonda imeneyi, chifukwa m'malo otere mizere ndi yaifupi, chakudya n'chotsikirapo mtengo, ndipo woyamba kumene sachita manyazi. Kuchulukana kwa anthu ndilo dandaulo lalikulu pa Epic ndi Ikon, ndipo linaonekera poyera pamene ogwira ntchito yopulumutsa anthu paphiri ku Park City ananyanyala ntchito kumapeto kwa Disembala 2024, mbali yaikulu ya phirilo n'kukhala yotseka pa masiku amene alendo anali atadzaza. Abale athu amene ali ku Switzerland ali ndi Magic Pass, imene inayamba mu 2017 ndipo imaphatikiza mapiri ambiri a kumeneko pa mtengo wotsika ukaigula msanga.

Amene akufuna kulawa masewerawa asanawononge ndalama zambiri ndimawalozera kufupi. Chipale cha kum'mwera kwa dziko lapansi chimagwa m'miyezi yathu yozizira, ndipo Epic ili ndi Perisher ku Australia pamene Ikon ili ndi Thredbo komweko ndi Valle Nevado ku Chile, koma maulendo amenewo ndi aatali ngati a ku America omwe. Ku Lesotho, m'mapiri a Maluti pamtunda woposa mamita 3,000, kuli Afriski, imene nyengo yake ndi Juni mpaka Ogasiti ndipo imadalira kwambiri chipale chopangidwa ndi makina. Malo otsetsereka ndi aafupi, pafupifupi kilomita imodzi, koma ndi okwanira kuphunzirirapo, ndipo munthu amagula tikiti ya masiku amene wakhalako basi. Kuchokera ku Lusaka ndi ndege ya maola awiri kupita ku Johannesburg, kenaka maola anayi kapena asanu pa galimoto kudzera pa chipata cha Caledonspoort. Mwana wamkazi wa achemwali anga wayamba kale kusunga ndalama za ulendo umenewu, ndipo ndamuuza kuti asanalipire malo ogona aimbe foni kufunsa ngati malo otsetserekawo atsegulidwa, komanso kuti asungitsiretu mphunzitsi wa masiku awiri oyamba, chifukwa m'sabata za tchuthi cha sukulu za ku South Africa malo a maphunziro amatha msanga.