Zikomo nonse, sukulu ija ndamaliza

Abale ndi anansi, akuluakulu oyesa kafukufuku wanga amuvomereza, ndipo digiri ya PhD ya sayansi ya zakuthambo ija yatheka. Ndati ndithokoze pagulu chifukwa amene munandigwira dzanja ndinu ambiri.

Amayi, zikomo. Thandizo la fizi litatha ndisanamalize, munagulitsa mbatata yonse ya kudimba osandiuza, ndinachita kumvera kwa achemwali. Achimwene aku Johannesburg, lendi ya kachipinda kanga ku Cape Town munkalipira ndinu, nanunso muli ndi ana apasukulu. Amayi a chipereganyu a kumpingo, ndalama yanu ndiyo inagula laputopu ina itapsa yoyamba ija nthawi imene magetsi ankangozimazima. Mulungu abwezere pomwe munachotsapo.

Amalume mwakhala mukufunsa kuti, "Kodi mphwanga, nyenyezizo ukuziwerenga kuti zitani?" Lero ndiyankhe. Dzuwa lathu lili m'gulu lalikulu la nyenyezi lotchedwa mlalang'amba, ndipo milalang'amba ilipo yosawerengeka. Koma sinangomwazikana chisawawa. Inayalana ngati ukonde wa asodzi: pali zingwe zazitali, pali mabowo aakulu opanda kanthu, ndipo pamfundo pokumana zingwezo mpamene pamaunjikana milalang'amba mazanamazana, pena masauzande. Funso langa linali lakuti mfundozo zinayamba bwanji.

Chilengedwe chili ndi zaka pafupifupi 13.8 biliyoni. Kuwala kwakale kwambiri komwe timatha kukuona kunachoka chilengedwe chili ndi zaka 380,000 zokha, ndipo kumasonyeza kuti nthawi imeneyo zinthu zinali pafupifupi zofanana paliponse. Kusiyana kwake kunali gawo limodzi pa magawo 100,000 basi. Pomwe panachuluka zinthu pang'ono, mphamvu yokoka inkakokera zina pomwepo, mpaka mulu kukula. Chokoka kwambiri ndi dark matter, chinthu chosaoneka chomwe katswiri wa zakuthambo Fritz Zwicky anachiganizira mu 1933 ataona kuti milalang'amba ya m'gulu la Coma ikuthamanga kwambiri moti ikanabalalika pakanapanda china choigwira.

Chomwe chinandisowetsa tulo ndi gulu lotchedwa SPT2349-56. Linaonekera koyamba pa telesikopu ya ku South Pole ngati kadontho kowala. Ataliyang'anitsitsa ndi telesikopu ina yotchedwa ALMA ya ku Chile, mu 2018 akatswiri analengeza kuti kadonthoko ndi milalang'amba yosachepera 14 yothinana pamalo amodzi, ina ikupanga nyenyezi mofulumira kuwirikiza ka 1,000 kuposa mlalang'amba wathuwu. Kuwala kwa gululi komwe tikuona lero kunachoka kumeneko chilengedwe chili ndi zaka 1.4 biliyoni zokha. Zinaunjikana bwanji msanga chonchi? Ine ndinkayerekezera kakulidwe ka magulu otere pakompyuta, n'kumafanizira ndi zomwe matelesikopu akuona. Pena kompyuta inkagwira ntchito usiku wonse, m'mawa n'kupeza yaima pakati.

Aphunzitsi anga ondiyang'anira, munkabweza mutu uliwonse uli psuu ndi inki yofiira, koma simunandinyozepo. Mnzanga wa ku Zambia amene tinkakhala desiki limodzi, iwe wa data ya telesikopu ya MeerKAT, nsima ya Lamlungu lililonse ija inandisunga. Nawenso malizitsa, tikudikira.

Mwambo wolandira digiri ukatha ndikubwera kumudzi ku Dedza. Amayi akuti mbuzi anaimangirira kale, choncho amene muli pafupi musachite kudikira kalata. Amalume, mudzabwere ndi mafunso enawo.