Sabata imodzi ya uphungu kunsi kwa phiri la Mulanje

Lolemba ndinali pachipatala china chaching'ono cha kufupi ndi Muloza, kumene munthu safika n'kunena kuti akuvutika maganizo. Amanena kuti mtima ukuthamanga, mutu ukuwawa kapena kuti tulo sakutiona, ndipo ambiri amabwerera kwawo ndi panado basi.

Mayi wina wothyola tiyi anakhala patsogolo panga akupotokola nsonga ya chitenje chawo. Mwana wawo anapita ndi napolo pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, ndipo kuyambira pamenepo mvula ikangoyamba kugunda pamalata amadzuka n'kukhala tsonga mpaka kucha. "Adokotala, kodi ndikupenga?" anandifunsa motsitsa mawu. Ndinawayankha kuti, "Ayi mayi, simukupenga, koma thupi lanu likukumbukirabe usiku umene uja." Tinaphunzira limodzi kupuma pang'onopang'ono mantha akafika, kenaka anandifotokozera za mwanayo kwa nthawi yaitali, zimene anati sanachitepo chiyambire maliro.

Lachitatu mlangizi wa zaumoyo anatitengera kumudzi wina, ine ndi namwino wa matenda a m'maganizo, ndipo tinapeza mnyamata wodwala matenda a m'maganizo atamangidwa ndi chingwe pamtengo wa mango. Makolo ake sindinawadzudzule. Anali atapita kale kwa sing'anga ndiponso kumapemphero, mbuzi anagulitsa, ndipo ulendo wa ku chipatala cha odwala maganizo ku Zomba unali wosatheka kwa banja lodalira ganyu. Chimene chimandiwawa n'chakuti matenda ngati amenewa ali ndi mankhwala, koma amawapeza msanga ndi wa m'tauni amene ali ndi ndalama. Namwino anamuyambitsa mankhwala, ndipo amfumu analonjeza kuti azidzamuona.

Lachinayi linatha ndi malipoti.

Lachisanu ndinaphunzitsa alangizi ndi amayi achikulire a m'midzi kumvetsera munthu wosweka mtima popanda kumuweruza. Njira yotere anaiyesa Dixon Chibanda, dokotala wa matenda a m'maganizo, ku Harare m'dziko la Zimbabwe, kumene agogo ophunzitsidwa amapereka uphungu atakhala pabenchi kunja kwa chipatala, ndipo ndikhulupirira kuti kuno ingatithandize chifukwa akatswiri tilipo ochepa kwambiri.

Mayi othyola tiyi aja ndawauza kuti abwerenso Lolemba. Anati ayesetsa ngati akapitawo awalola, popeza tsiku limene sanathyole tiyi ndiye kuti kunyumba kulibe ya ufa.